Mfumukazi ya Makutu Osongoka Inalira pa TV ya Amayi

1

Ndikulemba izi pa foni nthawi ya lanchi, nditakhalira ndowa kuseri kwa makina ochapira. Mukaona zolakwika pepani, chala chikunyowa ndi nthunzi ndipo sikirini ndi yosweka pakona. Dzina sindinena. Kunyumba amanditchula Mfumukazi, ndipo mumva chifukwa chake.

Mwamuna wanga amapanga anthu a mu gemu. Serious, ntchito yake ndi imeneyo. Amakhala pa kompyuta mu kasitudiyo kena pamwamba pa shopu ya matayala, n'kumaumba nkhope ngati woumba mbiya, kungoti dongo lake ndi la magetsi. Gemu yawo ndi ya maelufu. Ngati simuwadziwa, ndi anthu ongopeka, aatali, makutu osongoka ngati tsamba la nsungwi. Sakalamba, satuluka ziphuphu, amangokhala m'nkhalango n'kumadzimva.

Titangokwatirana, ku situdiyo kunafunika nkhope ya mfumukazi ya maelufuwo. Iye anati safunira kutali. Anandikhazika pa mpando pakati pa makamera ambirimbiri, anandiuza kuti ndisaseke, magetsi anathwanima kamodzi, basi. Nkhope yanga inalowa mu gemu, dzina lija n'kundimatirira.

Koma tsiku lomwe ndinamuona mfumukaziyo mu gemumo, ndinafuna kubweza mphete. Nkhope gwa ngati chidole chovekapo zovala mu shopu. Akamayankhula, kamwa yokha kutseguka n'kutseka, maso ali tong'o. Tsitsi ngati makatoni odulidwa ndi lezala, ndipo akavala chisoti makutu ankaboola chitsulo n'kutulukira kunja.

Mwamuna wanga anaseka mpaka kutsamwa. Anati gemu iyenera kuyenda ngakhale pa kompyuta yotopa ya mwana wa sukulu, ndiye chilichonse amachichepetsa. Komanso osewera amamuonera kumsana akuthamanga, ndani ali ndi nthawi yoyang'ana zikope? Anati ndidikire thirela, kafilimu kotsatsa gemu kaja. Mmenemo ndi momwe amaika zonse: timabowo ta pakhungu, tsitsi lililonse palokhapalokha, msozi wonyezimira. Kuphethira kumodzi kokha kompyuta imakubuulira masana onse.

"Mu gemu ndiwe chidole," anatero. "Mu thirela udzakhala munthu."

2

Thirela isanayambe, ndinadzuka tsiku lina mbali ya kumanzere ya nkhope itagona. Ndikutsuka mkamwa, madzi anangotsikira pambali mpaka pachifuwa. Adokotala anati ndi mtsempha wa nkhope, si sitiroko, ambiri amachira. Ndiye mapiritsi, kudzithowa ndi kansalu kofunda, kufufumitsa masaya ngati mwana wokwiya.

Patapita miyezi aliyense ankati zatha. Amayi ankati sizikuoneka n'komwe. Mwamuna wanga ankati ndili momwe anandipezera. Mng'ono wanga, timamutchula Lasiti poti ndi womaliza kubadwa, ankati tsopano ndilibenso chonamizira pothawa mbale. Kuno kochapira zovala anandichotsa pa kauntala n'kundiika kumbuyo ku ayironi, akuti masuti a makasitomala akufuna munthu wodalirika. Ndinathokoza n'kuthokoza.

Kenako tsiku la thirela linafika. Iyi sinali ya kukhala phee ngati poyamba paja. Anandidontheza timadontho takuda nkhope yonse ndi peni, n'kundiveka chisoti chokhala ndi kakamera pa kamtengo, kakundiyang'ana pamphuno. Madonthowo akasuntha, nkhope ya mfumukazi mu kompyuta imasunthanso chimodzimodzi. Bwana wa situdiyo, amene anyamata amamutchula a Dedilayini, anandifotokozera kuti mfumukazi yapeza mtengo wa makolo ake utapsa. Igwade, iyese kumwetulira kuti asilikali ake asataye mtima, koma misozi iigonjetse.

Ndinagwada. Ndinakumbukira maliro a bambo. Ndinamwetulira, ndinalira, zenizeni.

Nditamaliza munali zii, mpaka kumamva makina opopera matayala pansi. Kenako a Dedilayini anayamba kuwomba m'manja, onse n'kutsatira. Mwamuna wanga anandivula chisoti.

"Wamaliza, Mfumukazi," anatero. "One take, palibe zobwereza."

Ndinapita kunyumba osasamba madontho aja, kuti anthu a m'basi afunse.

3

Zinayamba ndi Loweruka. Mwamuna wanga anayamba kugwira ntchito Loweruka lililonse, akuti thirela yachedwa. Nthawi yomweyonso Lasiti anayamba kosi ya zosoka, ya Loweruka, koma batani la bulauzi yake ankabwera nalo kwa ine.

Tili ndi njinga yamoto, ndipo chisoti chachiwiri ndi changa. Lolemba lina ndikuchivala, lamba wa pachibwano anali atafupikitsidwa. Mkati munkanunkha mafuta a tsitsi amene ndinamugulira Lasiti ndekha pa befide yake. Ndinangotalikitsa lambayo. Lolemba lotsatira anali atafupikanso.

Kenako foni. Yanga inathima, ndinabwereka ya mwamuna wanga kuti ndiimbire amayi, iye ali kubafa. Sindinama, ndinalowa ku zithunzi. Munali foda yopanda dzina, ndipo yonse inali Lasiti. Osati zithunzi za pa phwando, ayi. Nkhope yokha, pafupi kwambiri, pa windo lina lowala bwino. Milomo. Maso atatseka. Akuseka mutu uli chagada. Akulira. Khosi, chibwano, kuseri kwa khutu. Ndinatsitsa ndi chala mpaka chala kutopa, zithunzi osatha.

Mwina mukuganiza kuti ndinaswa mbale. Honestly ndinalibe mphamvu. Ndinabweza foni pa tchaja, n'kumufunsa ngati akufuna tiyi. Mawa lake ndinasita masuti a amuna a eni ake tsiku lonse, ndikudzifunsa kuti mwa onsewa ndi angati amene akazi awo amadziwa.

Chinanso, Lasiti anali pa chibwenzi cha siriyasi. Mnyamata wake ndi wophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, timamutchula a Rivesi chifukwa akanena mawu amawabwezanso kumbuyo kuopa kulakwira munthu. Munthu wabwino, wokonda magemu ngati mwana. Mayi ake anali atanena kuti abwera kwa amayi athu kudzadya nafe, adzaone banja lomwe mwana wawo akufuna kulowamo. Ndinadziuza kuti ndidikira zimenezo zidutse. Ndinkaganiza kuti ndingathe.

4

Tsikulo amayi anabwereka mipando kwa aneba, anatulutsa matambula a mu kabati amene sitimwera. Mayi a Rivesi anali mayi wamtali, nesi wopuma ntchito, wosaseka zachabechabe. Ankadya pang'onopang'ono akuyang'ana aliyense ngati akumuyeza kutentha. Lasiti ankathira madzi m'matambula odzaza kale.

Zonse zinkayenda bwino mpaka a Rivesi anafuna kukometsa. Anati thirela ija yatuluka dzulo, anthu pa intaneti apenga nayo, ndipo mayi ake ayenera kuona kuti banja lino lili ndi mfumukazi. Ine ndinali ndisanaione. Mwamuna wanga ankangoti tidzaonera limodzi zikakhala bwino.

Mwamuna wanga anati netiweki ya kuno ndi yovuta. A Rivesi anati anaikopera kale pa foni. Amayi anati chakudya chizizira. Lasiti anati TV imachita phokoso. Anthu atatu kukana chinthu chimodzi, ine ndikungowayang'ana. Koma kamodzi m'moyo wawo a Rivesi sanabwerere kumbuyo.

Inayamba. Nkhalango, phulusa likugwa ngati mvula yowaza. Kenako iye. Abale, anali wokongola. Nkhope yanga ndithu, mpaka kachipsera ka pa nsidze komwe ndinagwa pa njinga ndili mwana. Tsitsi likuuluka lililonse palokha, makutu aja dzuwa likuwala mkati mwake ngati a munthu weniweni. Mayi a Rivesi anayang'ana TV, n'kundiyang'ana ine, n'kuyang'ananso TV.

Mfumukazi inagwada. Inamwetulira. Kenako inatulutsa kampweya m'mphuno ngati ikufuna kuseka, inameza malovu, inaluma mlomo wam'munsi chakumbali, chibwano n'kuchita timaenje. Ndiye msozi.

Ine sindilira choncho. Amene amalira choncho ndinkamusambitsa ndine, ndinkamuperekeza ku sukulu ndine. Kulira kumeneko ndinakuona atathyola dzino, ndinakuona pa maliro a bambo. Mutu wanga unangoti: mwamuna wanga wapenga naye Lasiti mpaka wamulowetsa mkati mwa nkhope yanga.

A Rivesi ankawomba m'manja. Ine ndinaimirira.

"Mayi," ndinatero kwa mlendoyo, "musanalandire mpongozi, mumufunse komwe amapita Loweruka lililonse ndi mwamuna wanga. Mumufunsenso kuti zithunzi za khosi lake zikutani mu foni ya mlamu wake."

Jagi inali m'manja mwa Lasiti. Anaiika pa tebulo bwinobwino, osataya dontho. "Asisi," anangotero.

Mayi a Rivesi anapinda kansalu kopukutira m'manja, anathokoza chifukwa cha chakudya, n'kuuza mwana wawo kuti atenge makiyi. A Rivesi anatuluka chafutambuyo, akuyang'ana Lasiti. Amayi anakhala pansi pa mpando wobwereka, n'kundiuza mawu omwe sindinawamve tanthauzo nthawi imeneyo: "Mwana iwe, tinkakusunga."

5

Mwamuna wanga sanakalipe. Anandipatsa chisoti n'kunena kuti tiye. Ndinati sindikwera. Anati ndikwere, ndikaone, kenako ndikafuna kumusiya adzandinyamulira yekha zikwama.

Linali Lamulungu masana, shopu ya matayala yotseka, situdiyo mopanda munthu. Anayatsa kompyuta yaikulu, anafufuza kanthawi, n'kutembenuzira sikirini kwa ine. Iye anakaima pa windo, windo lomwe lija la m'zithunzi.

Sikirini inali yogawika pawiri. Mbali imodzi ine, ndi madontho anga, tsiku lija. Mbali inayo mfumukazi, ikutsatira chilichonse chomwe ndikuchita.

Ndinagwada, inagwada. Ndinamwetulira. Mbali ya kumanja inakwera, ya kumanzere inatsala pomwepo ngati sinamve kuti kuli msonkhano. Kamwa inakokekera ku khutu limodzi. Nditayamba kulira, diso la kumanja linatsinzina, la kumanzere linangofika pakati n'kuima, loyera likuoneka. Madontho a mbali imodzi ankavina, a mbali inayo ali chiimire. Ndipo kompyuta ilibe ulemu. Inatenga zonsezo n'kuziika pa nkhope yosalala ija, ndi tsitsi lake lokongola, ndi makutu ake. Kenako phokoso la makina opopera matayala. Kenako m'manja muja.

Ndinaibwereza. Ndinaibwerezanso.

Akuyang'anabe panja, anandifotokozera. Madzulo a tsiku lomwe lija a Dedilayini ananena kuti nkhope yanga ichotsedwe mu thirela, aitane wochita zisudzo, ayambirenso. Mwamuna wanga anakana, anati anandilonjeza. Anayesa kukonza mbali yogonayo ndi manja, dontho limodzilimodzi, koma inkatuluka ngati chidole cha mu gemu chija. Njira inatsala inali kupeza munthu wa mafupa a nkhope ofanana ndi anga, kuti madontho agwere malo omwewo. Munthu wotero padziko pano ndi mmodzi. Zithunzi zija zinali zoti aziyang'anira pokonza makwinya ndi milomo. Lasiti poyamba anakana, anati ndikadzadziwa ndidzamuda. Amene anamukakamiza ndi amayi, ndipo ndi amayi omwewo amene anati pasapezeke wondiuza.

"Ndiye nonse mumadziwa," ndinatero. "Ndi anyamata ako omwe. Ankawombera chiyani m'manja?"

"Unalira bwino."

"Usandinamizenso. Ndatopa."

Anatembenuka. Anati ankaopa kuti ndikaona ndidzasiya kuseka, ndipo iye amakonda ndikamaseka, ngakhale panopa. Ndinamufunsa kuti panopa ndimaseka bwanji. Anangoyang'ana sikirini.

Pa galasi munthu suseka, umangodziyang'ana uli duu, n'kuona kuti zonse zili m'malo. Zithunzi ndinali nditasiya kudzijambula, ndinkati kamera ya foni yanga ndi yoipa. Mwina pansi pa mtima ndinkadziwa. Koma anthu onse amene umawakonda akamakuuza chinthu chimodzi, umasankha kukhulupirira iwo kusiyana ndi madzi amene akukutsikira pachibwano.

Ndikuuzeni zoona, chibwenzi chikanandipepukira. Mkazi wolandidwa mwamuna amadziwa chochita, amakalipa, amalongedza, anzake amabwera kudzamutukwanira. Nanga womveredwa chisoni ndi nyumba yonse amalongedza kupita kuti?

6

Lasiti sanandiyankhe mameseji sabata yonse. A Rivesi anamukhulupirira atangomva nkhani yake, koma mayi awo anakana. Anati nkhani ya madontho ndi makompyuta ndi yokoma kwambiri, mabanja ambiri amapeka zotere akafuna kukwirira nyansi. Anati amene anayatsa moto ndi amene akauzimitse.

Lasiti anabwera kuno ku ntchito, anaima pakhomo la kumbuyo pomwe timatulutsira madzi a sopo. Anali ataonda. Sanandipatse moni.

"Asisi, sindikufuna sorry," anatero. "Mupite mukawauze ndi pakamwa panu."

Ndinamva chimene ankapempha. Kuti ndikakhale pamaso pa mlendo n'kunena chinthu chomwe banja lonse linakhala chaka likuchizungulira.

Ndinapita ndekha, pa basi. Mayi a Rivesi anandilandira pa khonde, akuthirira maluwa a m'zitini. Ndinawapatsa foni, kavidiyo kogawika pawiri kaja. Anavala magalasi, anaonera mpaka kumapeto, mpaka m'manja muja. Ndinawauza kuti mng'ono wanga anandibwereka nkhope yake chifukwa yanga theka siigwira ntchito, ndipo ine ndinamulipira pomuchititsa manyazi pamaso pa alendo. Kenako, sindikudziwa chifukwa chake, ndinawasekerera. Dala, kamwa yonse, osaphimba ndi dzanja.

Sanadzidzimuke. Anati anaona nditangowatsegulira chitseko tsiku lija. Anati ankadabwa kuti bwanji mtsikana ameneyu sakupita kwa anthu ophunzitsa minofu ya nkhope, poti ena amapindulako ngakhale papite nthawi.

"Kodi kwanu palibe anakuuza?" anafunsa.

Ndinati amandikonda.

"Eya," anatero, n'kupitiriza kuthirira. "Zimaoneka."

Anati za ukwati aziganizira. Sanati inde, sanati ayi. Koma sabata yathayi anamuitana Lasiti kuti akawathandize kusankha makatani, ndiye mwina. Lasiti anandiuza zimenezi pa meseji ya mawu anayi, popanda kankhope koseka. Ndi poyambira.

7

Mwamuna wanga sindinamusiye. Tili nyumba imodzi, timagawana tchaja, koma akandiuza kuti ndatchena ndimayang'ana kumbali. Amayi amati ndinawachititsa manyazi, ine ndimati iwo anayamba, ndiye timangokambirana za mitengo ya sopo. Ndinayamba kupita kwa ophunzitsa minofu aja. Mayi wa kumeneko sanyengerera, akati diso silikutseka ndiye kuti silikutseka. Ndimatuluka ndili wotopa koma mtima uli m'malo.

Pa intaneti anthu akukangana pansi pa thirela ija. Akuti kampani yawapusitsa, elufu wa mu thirela ndi wamoyo koma wa mu gemu ndi thabwa. Wina analemba kuti akufuna mfumukazi yeniyeniyo. Ndinaseka ndekha kuno ku ayironi, ndi mbali yanga imodzi.

Inu amene mukuwerenga, ngati kwanu kuli munthu amene nonse mwagwirizana kuti musamuuze kanthu kena, sindikunena kuti ndinu oipa. Anga si oipa. Koma dziwani kuti munthuyo akuona lamba wa chisoti, akuona mukuyang'anizana pa tebulo, ndipo mpata umene mwausiya adzaudzaza yekha ndi chinthu choipa kuposa chimene mukubisacho. Ine ndinaudzaza ndi mng'ono wanga.

Ndinamuuza mwamuna wanga kuti kavidiyo kaja asakafufute, ndipo ndili nako mu foni muno. Mafumukazi alipo atatu. Wa mu gemu ali ndi nkhope yanga yakale, koma saseka, salira. Wa mu thirela dziko lonse likumukonda, koma mkati mwake muli Lasiti. Wachitatu ndi wokhota kamwa uja, amene palibe adzamuone. Ndi yekhayo amene akulirira bambo anga ndi misozi yanga.

Lanchi yatha. Pali suti ya ukwati wa eni ake ikundidikira, ndipo kolala yake ndi yovuta.